Mukufuna kuyamba kusoka zachikopa? Makina adikire kaye

Anthu ambiri ofuna kuyamba zachikopa funso lawo loyamba limakhala la makina, kuti ndigule ati, kapena a Singer opalasa omwe ali kwa mayi anga aja angathe kusoka lamba? Ine yankho langa silisintha, makina adikire kaye. Ndalama yomwe mungataye pa makina osayenera ikhoza kukugulirani zida zonse za pamanja ndi chikopa chomwe, chenji nkutsala, komanso msoko wa pamanja ukasokedwa bwino ndi wolimba kuposa wa makina. Nde tiyeni tipange kaye kachikwama kosungira makadi, ka ATM ndi chitupa cha unzika, kuchoka pa chikopa mpaka kutha, za makina tikamba kumapetoko manja atazolowera.

Poyamba penipeni dziwani chikopa chomwe mwagwira. Chija chongoyanika padzuwa chomwe amakungira ng'oma sichomwe tikunena pano ayi, chimenecho chikauma chimangoti gwa, chikanyowa chimanunkha nkuyamba kuwola. Tikufuna chofufuta. Zofufutazo zilipo mitundu iwiri ikuluikulu. Pali veg tan, chofufutidwa ndi makungwa a mitengo monga wattle amene amalimidwa kwambiri ku South Africa, chimakhala cha khaki wowala, cholimbirako, mukadonthezapo madzi chimamwa pompo nkuda pamalopo. Pali chrome tan, chofufutidwa ndi mankhwala a chromium, chofewa, cha mitundumitundu, ndi chomwe chili pa majekete, masofa, mipando ya galimoto ndi nsapato zambiri. Mukachidula nkuyang'ana podulapo nthawi zambiri pakati pamaoneka kamzere kotuwa kopita ku buluu. Kwa munthu woyamba veg tan ndiye wabwino chifukwa satamuka pomudula ndipo m'mphepete mwake mumasalala mukakwecha, koma kumupeza kwathu kuno ndi ntchito, ambiri amachita kuitanitsa kwa abale a ku Joni.

Nde pophunzirira musavutike, pitani pa kaunjika. Kwa Tsoka ku Lilongwe, mu msika wa Limbe, ku Soweto ku Lusaka, fufuzani zikwama zachikopa zoduka zogwirira, majekete ong'ambika m'khwapa, malamba akuluakulu otha pa mabowo pokha. Zoterezi ogulitsa amachotsera mtengo chifukwa palibe angazivale, inu mukufuna chikopa chokhacho. Chenjerani ndi rexine basi, pulasitiki uja wooneka ngati chikopa. Tembenuzani muone kuseri, chikopa chenicheni kuseri kwake kumakhala timaubweya tamanyunyu, rexine kumakhala nsalu yolukidwa ndipo kumaso kwake timadontho timafanana ndendende paliponse. Nunkhizaninso, pulasitiki sabisala.

Kukhuthala nako nkofunika. Mukamaitanitsa pa intaneti muona akulemba ma oz, oz imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.4. Kachikwama kathuka kakufuna chikopa cha milimita 1.2 mpaka 1.5, lamba wa m'chiuno amafuna cha mamilimita 3 mpaka 4. Cha mbuzi chimakhala chopyapyala koma cholimba, ndi chabwino kwambiri pa timatumba ta mkati mwa waleti.

Tsopano zida. Osagula kabokosi kaja ka zida zambirimbiri kotchipa, theka la zomwe zili mmenemo simudzazigwira ndipo zitsulo zake zimapindika. Mufunika mpeni wa Stanley ndi malezala ake atsopano, lula yachitsulo, thabwa lapulasitiki lodulirapo anyezi lija koma lakelake osati kulanda la kukhitchini, hamala yamtengo kapena yapulasitiki, sandipepa wa 220 ndi wa 400, guluu wa osoka nsapato uja wa m'chitini monga Pattex kapena Genkem, singano ziwiri, ulusi, kachidutswa ka phula la njuchi ndi choboolera. Choboolera chenicheni ndi stitching chisel, chitsulo cha mano awiri, anayi kapena 6, gulani cha mano otalikirana mamilimita 3 kapena 4, cha mano awiri chokhotera m'makona ndi cha mano anayi cha pa mzere wowongoka. Ngati sichikupezeka tengani foloko yodyera mudinde nayo timadontho kuti mipata ifanane kenako muboole limodzilimodzi ndi sipoko ya njinga yonola bwino yokhomera pa kamtengo, osoka nsapato pa msika akhala akugwira ntchito ndi zoterezi kuyambira kale. Kusiyana kwake nkwakuti mano a chisel amaboola mopendekera nde msoko umatuluka wopendekera mokongola, sipoko imaboola bowo lozungulira msoko umangokhala wowongoka. Kulimba nkofanana.

Singano zikhale zosasongoka kunsonga chifukwa bowo mwaboola kale, singano yakuthwa imangolasa ulusi unzake nkukubayani chala. Za John James za ku England nambala 002 kapena 004 ndi zomwe ambiri amakonda, koma olo singano wamba yaikulu mukaikwecha nsonga pa sandipepa imagwira. Ulusi ukhale wa poliyesitala kapena nayiloni wa mamilimita 0.6 kapena 0.8. Wa thonje wa atelala uja ayi, umaduka ukamakoka ndipo thukuta limaudya. Ngati wanu ndi wopanda phula, udutsitseni pa phula la njuchi kangapo mpaka uziuma gwa pang'ono m'manja.

Kudula. Jambulani kaye pa katoni ya sopo kapena ya tiyi, osati pa chikopa. Khadi ya ATM ndi mamilimita 85.6 mulitali ndi 54 mulifupi, nde chidutswa cha kumbuyo chikhale masentimita 10 ndi 6.5, cha kutsogolo 10 ndi 5 kuti khadi izisuzumira pang'ono muzitha kuigwira. Ikani katoniyo pa chikopa mulembe ndi nsonga ya sipoko, bolopeni kumaso kwa chikopa osayerekeza, inki yake sichoka. Panikizani lula ndi dzanja lonse, mpeni uimirire osapendekera, dulani modutsa kawiri katatu mopepuka osati kamodzi mwamphamvu. Mukaona mpeni ukukoka chikopa kapena ukusiya timaulusi sinthani lezala, mpeni wobuntha ndi umene umatereka nkupita ku chala. Zala zikhale kumbuyo kwa lula nthawi zonse.

Musanamate, konzani kaye m'mphepete mwa pamwamba mwa chidutswa cha kutsogolo chija, pakamwa pa kachikwama, chifukwa mukasoka simudzafikapo bwino. Mmene amakonzera ndafotokoza kutsogoloku. Mukatero tengani guluu. Pomwe guluu akukagwira kumaso kosalala kwa chikopa pakandeni kaye ndi sandipepa kamzere ka mamilimita 4 okha, pakapanda kutero amamatuka. Pakani wochepa mbali zonse ziwiri ndi kachidutswa ka katoni, dikirani mphindi 5 mpaka 10 mpaka mukakhudza asamatsalire pa chala, kenako gwirizanitsani mosamala chifukwa akagwirana wagwirana, nkumenyamenya pang'ono ndi hamala. Chitirani panja kapena pa windo lotsegula, ndipo kutali ndi mbaula, guluu ameneyu amayaka moopsa komanso fungo lake limazunguza mutu.

Lembani mzere wosokapo, mamilimita 3 kapena 3.5 kuchoka m'mphepete, mbali zitatu. Kampasi ya m'bokosi la masamu la ana asukulu ija ya nsonga ziwiri imachita bwino zedi, nsonga imodzi iziyenda m'mphepete inayo izikanda mzere. Ikani chikopa pa thabwa lapulasitiki, thabwalo pa malo olimba osagwedera, chisel chiimirire chilili nkumenya. Mukamasuntha, dzino loyamba lilowe m'bowo lomaliza lija, mipata ikhala yofanana mpaka kumapeto. Pa simenti osaboolera mano athyoka, ndipo hamala yachitsulo imaphwanya mutu wa chisel. Yang'anani kuseri pafupipafupi, ngati mabowo a kuseri akuyandikira m'mphepete kuposa a kumaso ndiye kuti mukupendeketsa dzanja.

Apa nde pagona nkhani, kusoka kwenikweniko. Msoko wake amautcha saddle stitch, ulusi umodzi singano ziwiri, ina uku ina uku. Yezani utali wa posoka ponse muchulukitse kanayi nkuwonjezerako pang'ono kogwira, kachikwama kathuka posoka ndi masentimita 20 nde mita imodzi ikukwanirani. Lowetsani ulusi pa diso la singano, kokani masentimita ngati 5, kenako bayani ulusi womwewo pakati ndi nsonga ya singanoyo nkukokera kumbuyo, umadzimanga wokha sungavuke. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Chikopa chimafunika chogwirira kuti manja onse awiri akhale omasuka, ena amagula stitching pony koma kalipentala aliyense angakupangireni, ndi matabwa awiri oimirira omangidwa ndi bawuti pakati, kukamwa kwake mumateko zidutswa za chikopa kuti asadinde ntchito yanu. Poyamba olo kupanira pa mawondo ndi timatabwa tiwiri zimatheka.

Lowetsani singano m'bowo loyamba mukoke mpaka ulusi ufanane mbali zonse. Tengani singano ya kumanja ilowe m'bowo lachiwiri ituluke kumanzere, kokani ulusi pang'ono, kenako ya kumanzere ilowe m'bowo lomwelo kubwerera kumanja, ikudutsa kumbuyo kwa ulusi woyamba uja osaulasa. Musanamangitse kokerani ulusi woyambawo mmbuyo pang'ono muone ngati ukuyenda momasuka, ukakakamira ndiye kuti mwaulasa, tulutsani singano mulowetsenso. Kenako kokani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi ndi mphamvu yofanana. Basi, ndi zomwezo mpaka kumapeto. Chinsinsi chake nchakuti musasinthe dongosolo, ngati mwayamba ndi ya kumanja bowo lililonse iziyamba ya kumanja, ngati yachiwiri ikudutsa kumbuyo izidutsa kumbuyo nthawi zonse. Mukangosintha pa bowo limodzi msoko umenewo umagona mosiyana ndi anzake ndipo diso limathamangira pomwepo. Pa chikopa chofewa cha jekete musakoke kwambiri chimachita makwinya.

Chifukwa chomwe msoko umenewu uli wolimba nchakuti ulusi uliwonse ukuyenda uku ndi uku, bowo lililonse muli maulusi awiri opingasana. Umodzi ukaduka unzake ukugwirabe. Makina amasoka mosiyana, ulusi wa pamwamba umangokolana ndi wa m'bobini pakati pa chikopa, ukaduka pamodzi mukakoka misoko ingapo imamasuka motsatana.

Pomaliza bwererani mmbuyo mabowo awiri kapena atatu, apa singano imalimba nde pulayala imathandiza kukoka, maulusi onse atulukire kuseri, dulani kusiya mamilimita 2 nkuwotcha nsonga ndi machesi kapena laitala, ikasungunuka dindani ndi chitsulo cha laitalayo. Pakamwa pa kachikwama, pomwe khadi izidzakankha tsiku ndi tsiku, zungulizani ulusi kawiri. Mukatha menyani msoko wonse pang'onopang'ono ndi hamala yosalala ugone.

M'mphepete ndi momwe mumasiyanitsa ntchito ya munthu wosamala ndi yongothamangira. Kwechani ndi sandipepa wa 220 mpaka zidutswa ziwirizo zioneke ngati chimodzi, chotsani kakona kakuthwa ndi edge beveler, kachitsulo kopalira m'mphepete, kapena sandipepa yemweyo mopendeketsa, bwerezani ndi wa 400. Ngati ndi veg tan nyowetsani m'mphepetemo ndi chala, pang'ono pokha, nkukwecha mwachangu ndi kachidutswa ka jinzi kapena kamtengo kosalala mpaka mumve kutentha ndi kakulira kakuti tswii, muona mukuwala. Pakani phula la njuchi mukwechenso. Ena amagwiritsa mankhwala opaka m'mphepete otchedwa Tokonole a ku Japan, amawalitsa kwambiri koma madzi ndi phula zimakwana. Chrome tan sawala olo mukweche mpaka mawa, ameneyo amafuna penti wa m'mphepete kapena kupala m'mphepetemo kuseri ndi mpeni wakuthwa kuti mupyapyale nkupinda.

Pangani tizikwama totere tingapo, kenako lamba, kenako kathumba ka foni. Mukafika poti anthu ayamba kuoda zikwama zikuluzikulu ndipo manja sakukwanitsanso, apo nde tikambe za makina.

Makina a pakhomo aja, Singer wakuda kapena Butterfly opalasa ndi miyendo omwe ali pa khonde la telala aliyense, amatha chikopa chopyapyala chofewa, cha jekete, zidutswa ziwiri zosapitirira mamilimita 2 zonse pamodzi. Ikani singano ya chikopa nambala 100/16 kapena 110/18, nsonga yake imacheka mmalo mongoboola, sinthani phazi muike la Teflon kapena la kawilo chifukwa lachitsulo limakakamira pa chikopa, talikitsani msoko ufike mamilimita 3 kapena 4. Misoko ifupiifupi imasandutsa chikopa chong'ambika pa mzere wa mabowo. Mapini ayi, bowo la pa chikopa silitsekeka, gwirani ndi guluu kapena timakilipi ta mapepala. Koma lamba wa mamilimita 4 pa makina amenewa kuli ngati kusenzetsa wakabaza matumba 10 a simenti, mwina asuntha pang'ono koma china chithyoka.

Anthu ambiri amaganiza kuti vuto ndi mphamvu, nkukagula makina a indasitiriyo aliwonse poti ndi aakulu ndipo ali ndi mota pansi. Apa nde pomwe ndalama zimapsa. Juki DDL-8700 ndi anzake ofanana nawo omwe adzaza m'mashopu a atelala ndi a malaya ndi mayunifolomu, amathamanga kwambiri ndipo chomwe chimakoka nsalu ndi mano a pansi okha. Pa chikopa chidutswa cha pansi chimapita cha pamwamba nkutsalira, misoko imafupika pokwera pokhuthala, ulusi wonenepa sakuulandira. Chofunika kuyang'ana ndi mmene makinawo amakokera. Mukufuna a walking foot, makamaka omwe singano, phazi la mkati ndi mano a pansi zimayendera limodzi kukoka chikopa pomwe phazi la kunja likunyamuka nkupondanso. Pukusani wilo ndi dzanja muone, ngati mapazi ali awiri ndipo akusinthana kuponda komanso singano ikuyenda kutsogolo ndi kumbuyo, ndi amenewo. Mayina oti muwasake ndi Juki LU-563, Juki DNU-1541, Consew 206RB, Pfaff 545, ndi Singer 111W155 wakalekale amene ndi wolimba koma alibe livesi yosokera chobwerera mmbuyo. Amenewa amasoka mpaka mamilimita 8 kapena 9 a chikopa chofewerako, ndipo osoka mipando ya galimoto ndi masofa ndi omwe amakhala nawo nde kafunseni kumeneko osati kwa atelala a zovala. Singano zake zambiri ndi 135x17 ya nsalu ndi 135x16 ya chikopa. Ulusi ndi bonded nylon, wa nambala 69 umayenda ndi singano 110/18, wa 92 ndi 125/20, wa 138 ndi 140/22 kapena yokulirapo pang'ono. Singano ikachepera ulusi umanyenyeka nkumaduka, ikakulitsa mfundo zimaonekera.

Ngati cholinga chanu ndi zikwama za amayi, ganizirani a mkono wozungulira mmalo mwa tebulo lafulati, monga Pfaff 335 kapena Adler 69, chikwama chimavala pa mkonowo nde mumafika m'makona ndi pakamwa mosavuta. Aja a osoka nsapato a mkono wautali woonda, Singer 29K opangidwa ku Clydebank ku Scotland ndi ena a ku China opukusa ndi dzanja, phazi lawo limazungulira mbali zonse nde pa zigamba ndi kukonza nsapato ndi akatundu. Koma bobini yake ndi kakang'ono, ulusi umatha msanga, mano a phazi amasiya zipsera pa veg tan, ndipo msoko umafupika chikopa chikakhuthala. Okonzera zinthu ndi abwino, opangira malamba ogulitsa ine sindingakulimbikitseni.

Mota nayo muiyang'ane. Makina akale ambiri amabwera ndi clutch motor, ija imangolira nthawi yonse mukayatsa, imazungulira ka 1425 kapena 2850 pa mphindi ndipo mukaponda pang'ono makina athawa kale, pa chikopa pomwe bowo lolakwika silifufutika zimenezo nzowawa. Sinthani muike servo motor, liwiro mumachita kusankha, mukhoza kusoka msoko umodziumodzi, ili chete ndipo imadya magetsi pokhapokha mukaponda nde olo pa inveta ya sola imapirira magetsi akathima. Kapule kakang'ono pa mota kamachepetsanso liwiro nkuwonjezera mphamvu yoboola.

Tsiku lokagula, makamaka ogwiritsidwapo kale ntchito, nyamulani zidutswa za chikopa chanu chomwe ndi ulusi womwe muzidzasokera, osalola kuti akuyesereni pa kansalu kawo. Pindani chikopa kawiri, kenako katatu, musoke kukwera ndi kutsika pokhuthalapo muone ngati akudumpha misoko. Yesani livesi muone ngati singano ikubwerera m'mabowo omwe aja. Tembenuzani muone kuseri, mfundo ikuyenera kubisala pakati pa chikopa, ikamaonekera pansi mangitsani tenshoni, kopotokola kokungira ulusi wa pamwamba, ikamaonekera pamwamba masulani. Ngati mwapotokola mpaka kumapeto koma sizikusintha pali vuto lina mkati. Gwedezani chitsulo chogwira singano, chisamagwedere, tsegulani pansi muone nsonga ya huku, kachitsulo kokola ulusi pa bobini, ngati ili yakuthwa yosabenthuka, ndipo funsani makaniko wa makina wa m'dera lanu ngati masipeya ake amapezeka musanapereke ndalama. Pofika nawo kunyumba thirani oyilo wa makina woyera uja m'mabowo onse, osati wa galimoto kapena wophikira, ndipo poyamba msoko uliwonse gwirani maulusi onse awiri kumbuyo kwa phazi mpaka misoko itatu yoyamba idutse, mukapanda kutero pansi pamapiringizana ulusi nkutseka huku.